Kambuku wa a Msiska

Lolemba, 15 Julaye 2024

Zatsimikizika. Lachisanu tikupita ku Nyika, kukagona usiku umodzi ku Chelinda. Watipaso, bwenzi langa, wabwereka galimoto ya mnzake. Opita: iyeyo, bambo ake a Msiska, mayi ake, mlongo wake Tionge, ndi ine. Ine Dorica, mwana wa ku Dedza, amene chibwerereni kudzagwira ntchito ku ofesi ya zaulimi pa Rumphi pano nyama zomwe ndaona ndi anyani a ku Njakwa basi.

Akuti ndi mphatso ya tsiku lobadwa la a bambo. Koma ndisadzinamize, awa ndi mayeso anga. Chaka chonse Watipaso wakhala akupempha bambo ake kuti atumize thenga kwathu, munthu wokafunsira mbeta monga achitira kuno. Popanda thenga palibe ukwati. Yankho lawo limodzimodzi: "Tiyambe tamuona mlendoyo."

Mlendo! Ndawaphikira, ndawachapira makatani, ndawapezera mbewu ya nyemba yabwino. Mpaka lero sanandiyankhulepo ngakhale liwu limodzi.

Amalume aimbanso dzulo. Akuti Ogasiti akatha munthu wa kumpoto asanaonekere pakhomo, iwo asamba m'manja, ndipemphe transifa ndibwerere kwathu. Ndipo amalume saseka.

Ndikumufuna Watipaso. Ndi opusa ake omwewo, ndikumufuna.

Lachitatu, 17 Julaye

Tionge wabwera ku ofesi nthawi ya nkhomaliro kudzandiphunzitsa mwambo. Wadya mbatata yanga yonse akuphunzitsa.

Osawayang'ana kumaso a bambo. Osawayankhula mwachindunji, mawu azidzera kwa iyeyo kapena kwa amama. Osadya pamene iwo akudya. Osakhala nawo mpando umodzi. Osawafulatira. Mutu wanga usapose wawo. Kuwakhudza ndiye sitinakambe n'komwe, Tionge anangoseka n'kunena kuti, "Zimenezo ngakhale wamisala sangachite."

Ndafunsa ngati mabanja onse a kuno amatero. Akuti ayi, ambiri anasiya kale, koma amama ndi a Umanyano wa kalekale, gulu la amayi a ku tchalitchi, ndipo iwowo anachita zonsezi kwa apongozi awo mpaka tsitsi kuyera. Ndiye akufuna aone wina akuvutikanso. Chaona mnzako chapita.

Vuto ndi pakamwa panga. Ine amene ndimakuwa pa msonkhano wa alimi opanda chimkuzamawu mpaka a kutsidya la mtsinje kumva. Masiku awiri chete? Ambuye ndigwireni lilime.

Lachinayi, 18 Julaye

Kulongedza. Zitenje zitatu, duku, buluku lovala mkati mobisa. Watipaso akuti nditenge jekete lalikulu. Ndamuuza kuti asandiphunzitse kuzizira ine wa ku Dedza.

Wandifotokozera chifukwa chake bambo ake akufuna Nyika. Anabadwira m'mphepete mwa phirilo, mudzi wawo usanasamutsidwe pamene ankakuza paki. Ali mwana akuweta mbuzi, kambuku anagwira mbuzi ya bambo awo. Iwo anangoona mchira ukulowa m'tchire. Kunyumba anakwapulidwa, ndipo palibe anakhulupirira kuti anali kambuku. Kuchokera pamenepo nkhani ya mchira sinathe. Aiuza ana a sukulu zaka zonse anali ahedi, aiuza ku tchalitchi, aiuza pa maliro. Akuti asanafe akufuna amuone kumaso.

Ndipo maso awo akupita. Ng'ala. Diso limodzi linatha kale, linalo likutsatira. Watipaso ananena zimenezi akuyang'ana kumbali. Ndamumvera chisoni, sindinamuseke lero.

Amama akana kuti tibwere Lamulungu. Akuti kambuku saposa Sabata.

Lachisanu, 19 Julaye, ku Chelinda

Zala zikukana kugwira cholembera. Dedza ndikupepese, iwe si kuzizira, ndiwe kamphepo chabe.

Msewu! Kuchokera pa Bolero fumbi lokhalokha, kupitirira pa geti ya Thazima mabampu mpaka mano kuwawa. Ine kumbuyo kwenikweni pamodzi ndi zikwama ndi nkhuku yootcha imene sindinaloledwe kudya. Fungo lokha. A Msiska anadya ntchafu, kenaka ndinamva akuti kwa Tionge, "Mufunseni mlendoyo ngati ali bwino." Tionge anatembenuka kundifunsa. Ndinayankha Tionge. Tionge anayankha bambo ake. Tonse m'galimoto imodzi, abale.

Koma kumtunda kuno n'kokongola. Mapiri a udzu okhaokha mpaka kumene maso alekezera, opanda nyumba, opanda munda. Ndinaganiza za mbatata ya kachewere imene ingabereke pano, ndinadzichitira manyazi. A Msiska anaimitsa galimoto pamalo pena, anatsika, anaima nthawi yaitali akuyang'ana chigwa.

Madzulo ulendo wokaona nyama. Apa ndiye panagona nkhani.

Galimoto yake ndi yopanda mawindo, mipando yokwera ngati masitepe, wa kumbuyo kuposa wa kutsogolo. A Msiska ndi amama anakhala mzere woyamba. Ine ndikakhala wachiwiri, mutu wanga uposa wawo. Wachitatu ndiye ndili pa denga. Ndikakhala pafupi ndi woyendetsa, ndawafulatira. Amama ndi Tionge anakambirana m'Chitumbuka ngati akugawa munda wa masiye. Watipaso akungoyang'ana nsapato zake.

Chigamulo: ine pansi. Pansi penipeni, pa chitsulo, kuseri kwa mpando wa a bambo, pa mapazi a Tionge. Watipaso anamuthamangitsira mzere wa kumbuyo, pakuti sitinakwatirane.

Wotiperekeza, dzina lake Vitumbiko, anayamba kunena kuti alendo sakhala pansi. Amama anangomuyang'ana. Ndi wa ku Bolero, anamvetsa. Anandipatsa bulangete n'kunena chapansipansi, "Pepani chomene, mlamu."

Ndiye ndaona Nyika ine. Miyendo ya mbidzi. Mimba ya chilembwe. Njiri yokha ndiyo ndinaiona yonse chifukwa ndi yaifupi ngati ine. Ena onse "Eee! Taonani!" ine ndikuona masokosi a Tionge.

Kambuku osaoneka. Vitumbiko anati tiyesenso m'mamawa, amakonda kuothera dzuwa m'mphepete mwa nkhalango ya mapaini. Anatichenjeza kuti tikamuona pasakhale kukuwa, kuimirira kapena kuloza.

Titabwerera ndinamva a Msiska akuuza Watipaso kuti, "Mwina Mulungu anandilembera mchira basi." Anaseka, koma sikunali kuseka.

Chakudya ndadyera kukhitchini, choimirira, pafupi ndi moto. Kunena zoona ndiye malo abwino m'nyumba yonse. Ndikugona ndi Tionge ndi amama chipinda chimodzi. Amama aika bedi lawo kukhomo.

Pakamwa panga lero pakhoza. Theka la mayeso latha.

Loweruka, 20 Julaye

Ndafa ine.

Ndafika kunyumba. Sindidya. Chipewa cha a Msiska chili pa tebulo langa.

Mayo, Dorica, manja akowa!

Lamulungu, 21 Julaye

Sindinapite ku tchalitchi. Ndilembe mwina mtima utsika.

Tinanyamuka kusanache bwino, udzu uli mbuu ndi chisanu. Chitsulo cha pansi chija chinali ngati ayezi, ndiye m'malo mokhala ndinapinda bulangete n'kugwada. Maso anga anali pa mpata wa m'mbali, kumunsi.

Tinazungulira, dzuwa linatuluka, kambuku ayi. Vitumbiko anati tiyambe kubwerera. Pafupi ndi mapaini anaima chifukwa kumanzere kunali gulu la ntchefu. Onse anatembenukira kumeneko. A Msiska ndi makina awo oonera patali, Tionge ndi foni, Watipaso kaya ndi chiyani.

Ine ntchefu sindikanaziona, mwendo wa Tionge unatchinga. Ndinayang'ana kumanja.

Anali pompo. Pa chipika chakugwa, kutalika ngati kuchokera pakhomo panga kufika pa mpopi. Atagona, manja atapingasa ngati bwana. Akundiyang'ana ine.

Kukuwa n'koletsedwa. Kuloza n'koletsedwa. Kuyankhula a bambo n'koletsedwa. Ndinatsata mwambo, Mulungu ndi mboni. Ndinatsina Tionge pa mwendo n'kunong'ona, "Kambuku, kumanja, uza amama." Tionge anandikankha ndi phazi, anali kujambula vidiyo. Ndinatsinanso kwambiri. Anamva, anaona, anauma. Kenaka anawerama kunong'oneza amama. Koma amama anali atakulunga mutu ndi duku, mpango ndi bulangete pamwamba. Anatembenuka n'kufunsa mokweza ngati ali kumunda, "Vichi?" Ndiye kuti "Chiyani?"

Kambuku anadzutsa mutu. Anaimirira. Anayamba kutembenuka.

A Msiska akadali ndi ntchefu zawo.

Sindikudziwa chinandilowa. Ndinangoganiza za mwana woweta mbuzi uja akukwapulidwa. Ndinadzuka pa maondo, ndinagwira mutu wa a Msiska ndi manja awiri, khutu ili ndi khutu ilo, n'kuupotoza kumanja ngati ndikutsegula botolo la achari.

Khosi linalira. Makina aja anagwera pa phazi la amama. Ndipo ndinayankhula, inde, m'khutu mwawo mwenimweni: "Uyo apo, bambo, uyo!"

Malamulo onse a Tionge, kamodzi n'kamodzi.

Kambuku analowa m'mapaini. Nditabwerera pansi ndinapeza chipewa chawo chaubweya chili m'manja mwanga, dazi lawo lili pamtunda likuchita nthunzi. Kubweza ndikanabweza bwanji? Kuwavekanso? Ndinachibisa m'chitenje.

A Msiska anangoti, "Eh." Basi.

Vitumbiko mapewa akugwedezeka pa chiwongolero, akunamizira chifuwa.

Pobwerera amama ananena chiganizo chimodzi chokha pa Thazima, Tionge wakana kundimasulira. Ananditsitsa pa boma ngati thumba la feteleza. Watipaso anati, "Ndikuimbira." Sanaimbe.

Madzi akatayika saoleka. Ndayamba kuganiza za kalata ya transifa.

Lachiwiri, 23 Julaye

Waimba. Ndinamulalatira kaye asananene kanthu. Mwamuna wanji wokhala mzere wa kumbuyo mkazi wake ali pa chitsulo? Ukanaona ndiwe kambukuyo, unali pamwamba ngati khwangwala!

Anati pepa. Kenaka anayamba kuseka, akuti akatseka maso akuona dazi la bambo ake likufuka. Ndinadula foni. Ndinaimbanso ndekha. Tinaseka tonse, kenaka ndinalira.

Akuti amama akuti ndi mlandu. Chikhalire sanamvepo mkazi wogwira mutu wa apongozi aamuna, ndiye uyu sanalowe n'komwe m'banja, akadzalowa adzagwira chiyani? Akuti a bambo sananene kanthu za ine. Khosi akulipaka mankhwala.

Ku ntchito ndinapita kukaona alimi a nyemba. Ndinawakalipira popanda chifukwa. Mawa ndikawapepese.

Lachinayi, 25 Julaye

Tionge pa ofesi, ndi mbatata yanga kachiwiri. Akuti kwawo ku Phwezi kulibe mtendere. A bambo akuuza aliyense za kambuku: aphunzitsi, ogulitsa tomato pa msewu, abusa. Mchira uja wapuma pantchito. Tsopano ndi maso. Akuti anali ofiira ngati makala a moto, ndipo anayang'anana nawo mwamuna ndi mwamuna.

Ofiira? Sanali ofiira. Koma ndine yani ine.

Ndinafunsa ngati m'nkhanimo ndilimo. Akuti ayi, mutu umatembenuka wokha.

Ndiye uthenga: akundifuna Loweruka kunyumba. Kukabwera a Laws Mhango, mkulu wa mpingo mnzawo, ndi azakhali a Watipaso. Ndibwere ndi chipewa.

Ndachichapa kawiri. Chafupika pang'ono. Ambuye, ngakhale chipewa ndachilakwira.

Amalume atumiza uthenga: "Zili pati?"

Loweruka, 27 Julaye

Ndilembe zonse ndisanaiwale.

Ndinafika ku Phwezi m'mawa, duku mpaka m'nsidze. Iwo pa mipando pabalaza, ine pa mkeka pafupi ndi chitseko, maso pansi. Watipaso pakona ngati mwana wobedwa nsapato.

A Mhango anatsegula ndi pemphero lalitali, lotchula Nowa ndi nyama zake zonse. Kenaka amama anayala mlandu, m'Chichewa kuti ndimve bwino. Anati mutu umenewu ndi wa mkulu wa mpingo, wa ahedi opuma, ngakhale wometa amayamba wapempha. Anaonetsa ndi phazi lawo lotupa. Azakhali akungoti "Hmm, hmm" ngati njiwa.

Anandifunsa ngati ndili ndi mawu. Ndinauza Tionge kuti awauze kuti ndinalakwa, ndikupepesa. Ndikanalekera pomwepo. Koma pakamwa pangapa! Ndinawonjezera kuti kambuku sakanadikira kuti uthenga udutse maofesi onse. A Mhango anatsokomola. Watipaso anabisa nkhope. Ndinati basi, Dedza ndikubwera.

A Msiska anayamba ndi nkhani ya kambuku, yonse, kuchokera pa mbuzi. Maso ofiira, mano ngati zala. Atamaliza anagwira dazi lawo n'kunena kuti mutu uwu chibadwire anaugwira n'kuutembenuza ndi anthu awiri okha, mayi awo owabereka ndi mlendoyu.

Amama anati, "Ine ndayesa zaka zonsezi, unakana." Azakhali anaphulika kuseka, anayesa kubweza, zinakanika.

A Msiska sanaseke. Anati nkhaniyi aiganizira sabata yonse khosi likuwawa. Mlendo akagwira mutu wa mkulu, ndi mlandu waukulu, ndipo anthu a ku tchalitchi akamva sadzaleka kuwaseka. Koma mwana wa m'nyumba akagwira mutu wa bambo wake, palibe nkhani. Ndiye iwo pa msinkhu wawo alibe mphamvu zoyendera milandu. Anatembenuka, thupi lonse chifukwa khosi silikulola, n'kunena kuti, "A Mhango, ku Dedza mumakudziwa?"

A Mhango anati adzafunsa njira.

Sindinamve bwino poyamba. Tionge ndiye ananditsina, pamalo pomwe ndinamutsina ine. A Mhango ndiwo thenga! Kenaka amama anati a Mhango akatenge jekete, akumva kuti kumeneko kumazizira. Ndikuganiza kuti kumeneko ndiye kuvomera kwawo.

Koma chimene ndikufuna kusunga si chimenecho.

Onse atalowa m'nkhani ya ulendo, a Msiska anatuluka kukakhala pakhonde. Ine ndinali ndisanabweze chipewa. Ndinachiika pa mbale, ndinapita chogwada, ndinachisiya pafupi ndi phazi lawo kuti ndithawe. Tionge panalibe. Amama panalibe.

Ndinamva, "Dorica."

Ndinayang'ana kumbuyo kufuna amene akumutuma. Panalibe munthu. Ndi ine. Sindinkadziwa n'komwe kuti dzina langa amalidziwa.

Anati ndisendere. Anayang'ana kukhomo, anatsitsa mawu. "Mwana wanga, usauze munthu. Ndinaona mchira wokha."

Ndinati bambo?

"Mchira. Kachiwiri. Unanditembenuza bwino, koma disoli linachedwa." Anavala chipewa chija, chinangokhala pamwamba pa mutu ngati chivundikiro cha poto. "Iwe unamuona. Tandiuza, nkhope yake inali yotani?"

Ndinawauza. Ndikuwayang'ana kumaso, pakuti nkhani yotere sunganene ukuyang'ana pansi. Ndinati mutu ndi waukulu, wotambalala kuposa mmene ndinkaganizira. Ndevu zoyera, zazitali, zili ndi mame. Mpweya ukutuluka m'mphuno ngati utsi chifukwa cha kuzizira. Khutu lakumanzere long'ambika kunsonga. Ndipo maso, pepani bambo, sanali ofiira. Anali ngati tiyi wopanda mkaka ukamuyang'anitsa padzuwa.

Anatseka maso awo. Anati, "Pang'onopang'ono, ndikufuna ndiloweze." Ndinabwereza. Anafunsa ngati ankaoneka wokwiya. Ndinati ayi, ankaoneka ngati mwini malo amene alendo amudzutsa. Anagwedeza mutu, khosi linawakumbutsa, anati "Eh."

Ndinalira, ndisabise. Iwo anayesa ngati sakuona, kapena mwina sanaonedi.

Nthawi ya chakudya ndinanyamula mbale yanga kupita kukhitchini monga mwa masiku onse. Ndili pakhomo ndinamva ayambanso, a Mhango akumvetsera kachitatu. Maso ngati tiyi wopanda mkaka. Mame pa ndevu. Khutu lakumanzere long'ambika.

Amama anawadula: "Khutu limeneli lachokera kuti? Sabata yonse kunalibe khutu."

Iwo anati, "Funsani mkamwana wanu. Tinaliona awiri."

Foni ikulira. Amalume. Ndiwayambira pati, pa thenga kapena pa kambuku?